Kasinthidwe ka Swichi Yoyang'anira Mpweya pa Kompuresa Yonyamulika

Kompuresa yaing'ono ya mateyala awiri, ya thanki ya malita 24 kapena 50, ndiyo imadyetsa mabanja ambiri a amisiri muno mu Harare. Akalipentala a ku Glen View Area 8 amapopera nayo vanishi pa mipando ndi makabati, omata matayala a ku Highfield ndi ku Mufakose amadalira yomweyo, ndipo owongola magalimoto ku Mbare sangapente popanda iyo. Pamwamba pa thanki yake pamakhala kabokosi kakuda ka pulasitiki kokhala ndi batani lofiira, komwe kusitolo mukakapeza pa dzina lakuti pressure switch. Swichi imeneyi ndiyo imayatsa mota mpweya ukachepa, n'kuizimitsa mpweya ukakwana, ndipo ikafa, kompuresa imakana kuyaka kapena imakana kuzima. Kukana kuzimako ndiko koopsa kwambiri. Ndaonapo amisiri ena akulumikiza mawaya molambalala swichi yakufa kuti ntchito isaime, iwo n'kumazimitsira pakhoma akaona kuti geji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya m'thanki yakwera. Chonde musayese zimenezo, chifukwa thanki yopanda swichi ili ngati nkhokwe yopanda mlonda, ndipo tsiku limene kasitomala adzakutengeni maganizo kwa mphindi zochepa, chitsulo chodzaza mpweya chidzakhala chikudalira kavalavu kamodzi kokha kotaya mpweya ukapyola muyeso, kotchedwa safety valve, komwe mwina sikanayesedwepo chiigulireni kompuresayo.

Kuti ntchito yosintha iyende bwino, muyambe mwadziwa zimene zili m'kati mwa kabokosiko. Pansi pake pali kachimphira kopyapyala kamene mpweya wa m'thanki umakakankhira m'mwamba, pamwamba pali sipuling'i yolimbana nako, ndipo pakati pali tizitsulo togundana todutsitsa magetsi. Pa makompuresa ang'onoang'ono ambiri, mpweya ukafika pa 8 bar, yomwe ndi pafupifupi 116 psi (bar ndi psi ndi miyeso ya mphamvu ya mpweya), kachimphira kamagonjetsa sipuling'i, tizitsulo timalekana, mota n'kuzima. Mpweya ukatsika kufika cha pa 6 bar, tizitsulo timagundananso. Pambali kapena pansi pa swichi pamalowa kapaipi kakang'ono kochokera pa valavu ya pathanki, ndipo pamene kamalowerapo pali kavalavu kotchedwa unloader valve. Ntchito yake ndi kutaya mpweya wotsalira m'mutu mwa kompuresa, momwe muli pisitoni yopopa mpweya, ndi m'paipi yaikulu nthawi iliyonse mota ikazima, kuti poyambanso pisitoni isakumane ndi katundu. Kaphokoso kakafupi ka "tsii" kamene mumakamva kompuresa ikangozima kamachokera pamenepo, ndipo ndi chizindikiro cha makina abwino.

Musanagule, tsimikizani kuti vuto lilidi pa swichi

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Zizindikiro zingapo zimaoneka ngati za swichi pomwe gwero lake lili kwina, choncho ndikhalapo pang'ono.

Ngati kompuresa ikazima mpweya umapitirizabe kutuluka pansi pa swichi osaleka mpaka thanki kuphwa, swichi ilibe mlandu. Wolakwa ndi non-return valve, valavu yamkuwa imene ili pamene paipi yaikulu yochokera kumutu imalowera m'thanki. Valavu imeneyi imalola mpweya kulowa koma osabwerera. Kachimphira ka m'kati mwake kakatha kapena kakagwira zinyalala, mpweya wa m'thanki umabwerera, n'kudutsa m'kapaipi kakang'ono kaja, n'kukatulukira pa unloader valve imene nthawi imeneyo imakhala yotsekuka. Mukaika swichi yatsopano osakonza valavuyi, mpweya uzitulukabe chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kutaya mpweya wonse wa m'thanki, kumasula chotsekera cha valavuyo, kupukuta kachimphira ndi pamene kamakhala, kapena kugula valavu ina. Zimasiyana ndi pamene mpweya ukutuluka pa unloader valve mota ikulira ndipo geji ikukwera movutikira: pamenepo kavalavu ka pa swichi ndiko sikakutseka, ndipo kusintha swichi kuthetsa vutolo.

Ngati kompuresa siyikuyaka konse, yambani ndi zapafupi. Lumikizani chida china pa soketiyo muone ngati ili ndi moto, tsekulani pulagi muone fyuzi ya 13 A, kenako dinani kabatani kakang'ono ka pa mota kamene kamadumpha mota ikatentha kwambiri. Zonsezi zikakhala bwino, zulani pulagi, tayani mpweya wonse, chotsani chivindikiro cha swichi, ikani batani pa ON kapena AUTO, ndipo ndi multimeter, chida choyezera magetsi, yesani ngati pali njira ya magetsi pakati pa pomangira waya wochokera kupulagi ndi pomangira waya wopita kumota, mbali zonse ziwiri. Njira ikasowa mbali imodzi kapena zonse, swichi yafa. Mukaika pa OFF njira n'kukhalapobe, tizitsulo tasungunuka n'kumatirirana, ndipo ichi ndicho chifukwa chofala cha kompuresa yokana kuzima. Nthawi zambiri maso okha amakuuzani: mumaona kuda kwa utsi, pulasitiki yofota ndi kutentha, ndiponso fungo la kupserera.

Chizindikiro china ndi mota yong'ung'udza osazungulira. Tayani mpweya wonse muyesenso. Ikanyamuka bwino thanki ilibe kanthu koma n'kumakanika pamene muli mpweya, ndiye kuti m'mutu mukutsalira mpweya, ndipo muyang'ane unloader valve pamodzi ndi non-return valve. Ikamang'ung'udzabe ngakhale thanki ili yopanda kanthu, kawirikawiri ndi capacitor, chida cha pa mota chosunga magetsi othandiza motayo kunyamuka, imene yafooka, kapena magetsi akufika ochepa chifukwa cha chingwe chachitali ndi chopyapyala. Pamenepo swichi yatsopano siyingakuthandizeni.

Kugula yoyenera

Njira yosavuta ndi kuchotsa swichi yakale n'kupita nayo m'manja kwa ogulitsa zida za makina, amene ambiri ali ku Graniteside, Southerton, Workington ndi Msasa. Musanatuluke, jambulani ndi foni kachitsulo kolembedwa kamene kali pa thanki ndi kamene kali pa mota, chifukwa manambala ofunika ali pamenepo. Choyamba kuona ndi mlingo wa mpweya: swichi yozimitsa pa 10 kapena 12 bar ndi ya makompuresa akuluakulu, ndipo siyiyenera kukhala pa thanki yolembedwa 8 bar ngakhale mazinga atagwirizana bwanji. Chachiwiri ndi mphamvu ya magetsi. Magetsi a m'nyumba ochokera ku ZESA, kampani ya magetsi ya muno mu Zimbabwe, ndi a single phase, pafupifupi 230 V pa 50 Hz, ndipo mota ya 1.5 kW, imene ambiri amaitchula 2 HP, imakoka ma amp pafupifupi 7 kapena 8 ikamayenda, koma ponyamuka imakoka ochuluka kangapo kuposa pamenepo. Swichi ikhale yolembedwa ma amp oposa a mota, ndipo zambiri zoyenera makinawa zimalembedwa 16 A kapena 20 A.

Kenako onani tsinde lachitsulo la swichi. Zina zili ndi bowo limodzi lolowa pa thanki basi, pamene zina zili ndi mabowo anayi: limodzi la pathanki, enawo a geji, safety valve ndi regulator, yomwe imachepetsa mphamvu ya mpweya wopita ku paipi yogwirira ntchito. Makompuresa onyamulika ambiri amagwiritsa ntchito ya mabowo anayi, a mazinga a 1/4 inchi. Pa mazingapa pali msampha wina. Makina ochokera ku Ulaya, ku South Africa ndi ambiri a ku China amakhala ndi mazinga a BSP, amene pa saizi imeneyi ndi 19 pa inchi, pamene a ku America amakhala ndi a NPT, amene ndi 18 pa inchi. Kwa maso amaoneka ofanana, ndipo amayamba kulowa bwinobwino, koma akazungulira kawiri kapena katatu amalimba msanga, ndipo mukawakakamiza mumapha mazinga a mbali zonse. N'chifukwa chake ndi bwino kutenganso geji kapena safety valve yanu kusitolo, muilowetse ndi dzanja pa swichi yatsopano musanalipire. Pomaliza yang'anani pamene pali unloader valve, ngati ili pambali kapena pansi, ndiponso kukula kwa kapaipi, komwe kawirikawiri kamakhala ka 6 mm. Mayina monga Condor ndi Lefoo ndi odziwika pa zida zimenezi, koma dzina silingalowe m'malo mwa manambala ogwirizana.

Ku msika wa Siyaso ku Mbare kumapezeka zida zambiri zochotsedwa pa makina akale, ndipo pa zinthu monga mateyala, chogwirira kapena geji palibe chovuta kugula zogwiritsidwapo kale ntchito. Pa swichi ine ndimalimbikitsa yatsopano, chifukwa kachimphira ka m'kati simungakaone musanaimange, ndipo kakakalamba kamauma n'kung'aluka mosachenjeza. Gulaninso tepi yoyera ya PTFE, yomwe aja omanga mapaipi a madzi amagwiritsa ntchito.

Kuchotsa yakale

Konzani masipanala awiri osinthika kukula, sikuludilaivala yafulati ndi yamtanda, pulayala, burashi yawaya, tepi yapepala yolembapo, madzi a sopo m'kabotolo, ndi magalasi oteteza maso. Ikani batani pa OFF ndipo zulani pulagi pakhoma. Musakhutire ndi kuzimitsa soketi kokha, ndipo musadalire kuti magetsi athima kale m'dera lanu, chifukwa amabwera osagogoda. Pulagiyo muiike pamene mukuiona, kuti mwana wa ntchito kapena mnzanu wogwira naye pa shedi imodzi asailumikize mosadziwa.

Tayani mpweya kudzera pa paipi yogwirira ntchito kapena pa kampopi kotayira madzi kamene kali pansi pa thanki. Geji ikafika pa ziro, kokaninso mphete ya safety valve kuti mutsimikize, popeza geji yakale imatha kunama, kenako siyani kampopi ka pansi kali kotsekula mpaka ntchito yonse ithe. Madzi adzimbiri amene atuluke pamenepo akukumbutseni kuti thanki imafuna kutayidwa madzi tsiku lililonse mukaweruka. Ngati makina amagwira ntchito posachedwa, dikirani mutu ndi paipi yaikulu zizizire, chifukwa zimawotcha kwambiri. Kabokosi ka pa mota komwe muli capacitor musakatsekule pa ntchito imeneyi, poti capacitor imatha kusunga moto ngakhale pulagi itazulidwa.

Chotsani chivindikiro, ndipo musanamasule waya ndi mmodzi yemwe, jambulani m'katimo kuchokera mbali zingapo. M'swichi mumalowa zingwe ziwiri: china chochokera kupulagi, chomangidwa polembedwa LINE kapena L, ndi china chopita kumota, chomangidwa polembedwa MOTOR kapena T. Pa zingwe zamakono waya wabulauni ndiye wamoto, wabuluu ndi neutral, ndipo wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi earth. Pa zingwe zakale, zimene zikadalipo zambiri muno, wamoto ndi wofiira, neutral ndi wakuda, earth ndi wobiriwira. Mawaya opita kumota amatha kukhala a mitundu ina, choncho matani katepi pa waya aliyense n'kulembapo pamene anali. Mukatero masulani masikuluu, masulani zomangira zingwe za pakhomo pa kabokosi, musolole zingwe zonse ziwiri.

Masulani kanati ka kapaipi ka unloader valve mofatsa, osakapinda kapaipiko, makamaka kakakhala kachitsulo. Kenako chotsani zonse zomangidwa pa tsinde la swichi, pogwira sipanala pa malo ake a ngodya. Geji musaizungulize pogwira nkhope yake ndi dzanja, chifukwa imapindika m'kati n'kuyamba kuwerenga molakwika. Swichi yeniyeniyo imazulidwa ndi masipanala awiri: ina igwire kapaipi kochokera m'thanki kuti kasazungulire, ina izungulize tsinde lachitsulo kumanzere. Pa pulasitiki musagwirepo konse. Mazinga akakana chifukwa cha dzimbiri, thirani mafuta omasulira mabauti, dikirani kanthawi, muyesenso. Moto wa gasi usafike pa thanki, ndipo mukapeza kuti pozungulira kapaipiko kapena pansi pa thanki padyeka kwambiri ndi dzimbiri, imani pomwepo: thanki yotere siyiwotchereredwa, imafunika kusinthidwa.

Kumanga yatsopano

Yeretsani mazinga onse ndi burashi yawaya, muchotse tepi yakale, ndipo samalani kuti tizidutswa tisagwere m'mabowo. Pokulunga tepi yatsopano, kumapeto kwa mazinga kuloze kwa inu, ndipo muzungulire kumanja monga mmene muvi wa wotchi umayendera, katatu kapena kanayi, mukukoka pang'ono kuti tepi ilowe m'mazinga. Mukakulunga mobwerera, tepi imavundukuka pomanga. Zinga loyambirira mulisiye lopanda tepi, chifukwa kachidutswa kakang'ono kakathothoka n'kulowa m'kati kamatha kutseka kabowo kopita pa kachimphira kaja, swichi n'kuleka kumva mpweya wa m'thanki.

Lowetsani swichi ndi dzanja mpaka italimba, kenako onjezerani ndi sipanala kamodzi kapena kawiri, mukuonetsetsa kuti pomaliza unloader valve yaloza kumene kapaipi kake kali. Ambiri amawononga swichi yatsopano pamenepa. Tsinde lake limakhala la chitsulo chofewa choumbidwa, ndipo mukamanga ndi mphamvu zonse limang'aluka pakamwa pa bowo. Mukafika pamalo oyenera imani, ndipo mukapitirira musabwezere m'mbuyo pang'ono, chifukwa tepi imakhala yaphwanyika kale ndipo pazituluka mpweya; ndi bwino kumasula zonse, kukulunga tepi ina, n'kuyambiranso. Bwezeretsani geji, regulator ndi safety valve m'mabowo awo, chilichonse ndi tepi yake. Bowo likatsala lopanda ntchito litsekeni ndi chotsekera chachitsulo cha mazinga omwewo. Safety valve iyenera kubwerera zivute zitani, ndipo ngati mphete yake ili yolimba kapena yadyedwa ndi dzimbiri, ino ndiyo nthawi yoika ina ya mlingo womwewo wolembedwa pa thupi lake. Kapaipi ka unloader valve sikafuna tepi. Kalowetseni mpaka kumapeto, mumange kanati ndi dzanja, n'kuonjezera pang'ono chabe ndi sipanala.

Polumikiza mawaya, tsatirani zolembedwa pa swichi yatsopano, osangotengera malo a pa yakale, chifukwa opanga amasiyana kayalidwe. Wamoto wochokera kupulagi ayang'anizane ndi wamoto wopita kumota pa mbali imodzi, ma neutral awiri akhale pa mbali inayo, ndipo ma earth onse awiri amangidwe pa masikuluu a pa chitsulo cha swichi. Earth musaisiye ikulendewera poganiza kuti makina ayendabe, chifukwa ndiyo imakutetezani tsiku limene waya wamoto adzakhudze thanki. Nsonga za mawaya zikakhala zakuda kapena zopserera, dulani musende zatsopano. Mangani masikuluu molimba, kokani waya aliyense pang'ono kuti muone ngati wagwira, chifukwa waya womangidwa mwaulesi amatentha n'kupsereza swichi m'masabata ochepa. Zomangira za pakhomo zigwire khungu lakunja la chingwe, osati timawaya ta m'kati. Bwezerani chivindikiro musanaganize zolumikiza magetsi.

Kuyesa

Tsekani kampopi ka pansi, ikani batani pa OFF, lumikizani pulagi pa soketi ya pakhoma mwachindunji, valani magalasi, kenako yatsani. Maso anu akhale pa geji ya thanki, osati ya regulator, ndipo dzanja likhale pafupi ndi pozimitsira. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pa nyanja, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho kompuresa imatenga nthawi yotalikirapo kudzaza kusiyana ndi imene yalembedwa m'kabuku kake; zimenezi zisakudetseni nkhawa, popeza mlingo wozimira susintha. Geji ikafika pa 8 bar, kapena pa nambala ya pa thanki yanu, mota izime yokha ndipo mumve kaphokoso kakafupi kaja. Muvi ukadutsa nambalayo mota ikulirabe, zimitsani nthawi yomweyo osadikira kuti safety valve ilire.

Thanki ili yodzaza, pakani madzi a sopo pa mfundo iliyonse imene munagwirapo. Pamene pakuchita thovu pakutaya mpweya, ndipo pokonza muyambe mwazula pulagi ndi kutaya mpweya wonse. Kumanga kapena kumasula chilichonse pa thanki yodzaza n'koopsa. Pakakhala popanda thovu, tulutsani mpweya pang'onopang'ono muone kuti mota ikuyakanso cha pa 6 bar, ndipo ikunyamuka mopepuka osang'ung'udza. Bwerezani kudzaza ndi kutsitsa kangapo, kenako kokani mphete ya safety valve kamphindi: itulutse mpweya mwamphamvu ndi kutsekanso mukaisiya.

Swichi zambiri zimabwera zitatcheredwa kale, ndipo ngati manambala ali bwino musakhudze kalikonse. Pakafunika kusintha, zulani pulagi koma musiye mpweya m'thanki, chifukwa opanga ambiri amalangiza kutchera swichi ili ndi mpweya. Nati kapena sikuluu ya pa sipuling'i yaikulu ikazunguliridwa kumanja imakweza poyakira ndi pozimira pamodzi, ndipo kumanzere imatsitsa zonse. Swichi zina zili ndi sikuluu yachiwiri yaing'ono yosinthira mpata wa pakati pa milingo iwiriyi, pamene zina mpatawo ndi wokhazikika. Zungulizani theka lokha, bwezerani chivindikiro, yesani, muone kusintha kwake musanaonjezere. Pozimira pasapitirire nambala ya pa thanki, ndipo pakhale pansi pa mlingo wa safety valve. Mpata wa pakati usachepe kwambiri kuposa 2 bar, chifukwa mota yoyaka ndi kuzima pafupipafupi imatentha ndipo imadya tizitsulo ta m'swichi.

Kuti swichi yatsopanoyi ikhalitse, chizolowezi cha kazimitsidwe n'chofunika kwambiri kuno kumene magetsi amathimathima. Magetsi akathima mota ili m'kati mopopa, swichi imakhalabe pa ON ndipo unloader valve siitsekuka, choncho mpweya umatsalira m'mutu. Akabwera, mota imayesa kunyamuka ili ndi katundu, imakoka magetsi ochuluka, ndipo tizitsulo timapsa. Zimachitikanso chimodzimodzi mukamazimitsira pakhoma. Choncho magetsi akangothima dinani batani la swichi likhale pa OFF kuti mutu upume, ndipo poweruka muzizimitsira pa batanilo musanazule pulagi. Ogwiritsa ntchito jenereta aonetsetse kuti ndi ya mphamvu yoposa ya mota kangapo, chifukwa yaing'ono imagwetsa magetsi ponyamuka. Ntchito ikakhala patali ndi soketi, talikitsani paipi ya mpweya m'malo mwa chingwe cha magetsi, ndipo chingwe chowonjezera chikakhala chosapeweka, chikhale chachifupi, cha mawaya a 2.5 mm², ndipo chifunyululidwe chonse pa chokulungira chake musanayatse.